Anapita pa Selefu

Adzukulu anga, mawu aja munamva akuluakulu akutchula pamaliro, akuti selefu, si dzina la mudzi kapena la mgodi ayi. Ndi dzina la ulendo. Kale munthu akanena kuti uje anapita pa selefu, aliyense ankadziwa kuti munthuyo wanyamuka wapansi kulowera kum'mwera, ku Rhodesia kapena ku Joni, popanda kampani yomulemba, popanda galimoto yomunyamula, ndiponso popanda womulonjeza kuti adzabwerako. Bambo anga anauyenda ulendo umenewu, amalume anganso, ndipo zimene ndikuuzeni pano zambiri ndinazimva pakamwa pa anthu amene zidendene zawo zinali zong'ambika mpaka tsiku lowaika m'manda.

Mawuwa ndi obwereka. Anachokera ku mawu a Chingerezi akuti self, kutanthauza mwini wake, kapena kuti yekha. Akuluakulu ankafotokoza kuti m'maofesi a migodi ndi m'malo olembera zitupa munkafika anthu a mitundu iwiri: obwera ndi kampani atadinda kale chala papepala, ndi odzibweretsa okha. A gulu lachiwiriwa ndiwo ankatchulidwa ndi mawu a Chingereziwo. Tsono lilime lathu silikonda kugundanitsa zilembo, ndipo mawu athu sathera panjira, ndiye monga tinapezera sukulu ndi buku, apanso tinapeza selefu. Abale athu akumpoto, Atonga ndi Atumbuka, amati selufu. Poyamba mawuwa ankangonena za mmene munthu wapezera ntchito. Atafika m'midzi anakula, nayamba kunena za njira yonse: ludzu lake, mikango yake, mitsinje yake ndi manda a m'mbali mwake.

Musaganize kuti makolo athu ankachoka chifukwa chokonda kuyendayenda. Chinawatulutsa m'mudzi ndi msonkho. Angerezi atatenga dziko lino mu 1891, boma la Harry Johnston linakhazikitsa msonkho wa nyumba, masheleni atatu pa chaka. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza kufika pa masheleni 6, koma amene wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu ankalipira theka. Cholinga chinali choonekeratu, kukankhira anthu ku minda ya azungu ya ku Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje. Kumeneko malipiro anali masheleni atatu, mwina asanu, pa mwezi, ndipo m'maesiteti ambiri munthu ankalima mwa thangata osalandira kanthu, ati ndiyo lendi ya malo amene akukhalapo. Wolephera msonkho ankamutenthera nyumba, apo ayi ankagwira mkazi wake n'kukamusunga kuboma kufikira mwamuna atapeza ndalama. Kwa mkamwini, wokhala pamudzi pa eni ake, manyazi oposa amenewo panalibe. Apongozi akukuyang'ana, alamu akukuyang'ana, mkazi ali m'manja mwa amesenjala chifukwa cha iwe.

Nthawi yomweyo mbiri inkamveka yoti ku migodi ya ku Southern Rhodesia malipiro ndi owirikiza kangapo, ndipo ku Johannesburg, kumene golide anapezeka mu 1886, wolowa pansi amalandira pafupifupi masheleni awiri pa tsiku. Ndalama imene kuno munthu ankaikhetsera thukuta mwezi wonse, kumeneko inali ya masiku awiri.

Njira zopitira zinalipo ziwiri. Ina inali yolembetsa. Migodi ya ku Joni inali ndi kampani yake, WNLA, imene ife timati Wenela, ndipo inayamba kutenga anthu kuno mu 1903. Chaka chomwecho migodi ya ku Rhodesia inapezanso bungwe lake lolemba anthu, ndipo ntchito yolowera khomo limenelo anthu ankaitcha chibalo. Mawu awa mukuwadziwa, pakuti mpaka lero mwana akalakwa kusukulu amapatsidwa chibalo. Wa chibalo ankadyetsedwa m'njira, inde, koma sankasankha kopita. Ankamutumiza ku mgodi umene anthu odzibweretsa okha akuukana, wa phoso lochepa, wa kapitawo wankhanza, wa maliro osatha. Ankakhala kumeneko chaka chathunthu pa malipiro otsika kuposa a mnzake wogwira naye ntchito imodzimodzi, ndipo akathawa lamulo linkamusaka ngati mbala.

Wa selefu ankakana zimenezo. Ankalola kuvutika m'njira kuti akafika akhale ndi mphamvu yoyang'ana mgodi, kufunsa malipiro, n'kupukusa mutu ngati sanakhutire. Pa zinthu zonse zimene boma la atsamunda linamulanda, chimodzi ichi anachigwiritsa, chosankha yekha womugwirira ntchito, ndipo mtengo wake ankalipira ndi mapazi. Ine ndimaona kuti ulemu wa mawuwa wagona pamenepa. Munthu akamanena kuti ine ndinapita pa selefu, ankanena mutu uli chilili.

Ulendo unkayamba anthu atakolola, mitsinje itayamba kuphwera. Ngakhale dzina lake limatanthauza yekha, palibe ankanyamuka yekha. Ankasonkhana amuna khumi kapena kuposerapo, a mudzi umodzi kapena midzi yoyandikana, ndipo patsogolo pankakhala munthu amene anapitako kale, wodziwa pamene pali madzi ndi pamene pali boma la Apwitikizi. Usiku wotsiriza akuluakulu ankathira nsembe ya ufa kupempha mizimu kuti iwatsogolere. Mkazi wotsala ankalangizidwa ndi anamkungwi kuti adzisunge, poopa kuti mwamuna angaone tsoka m'njira. Kamba wake anali ufa, chimanga chokazinga, mtedza, makaka ndi mchere pang'ono. Pamwamba pa katundu ankamangapo mkeka ndi kamphika, m'manja nkhwangwa kapena nthungo, ndipo ambiri ankatenga fodya wopota, chifukwa fodya ankagula chakudya ndi chisomo kumene ndalama kulibe. Ankanyamuka mbandakucha, osatsanzika mudzi wonse. Ena anali kuthawa msonkho, ena analibe chiphaso cha boma chotulukira m'dziko.

Ochokera kwathu kuno ku Dedza ndi Ntcheu ankangodumpha malire n'kulowa ku Angonia. Masiku oyambawo anali opepuka, popeza anthu akumeneko ndi abale athu, Achewa ndi Angoni, ndipo mlendo sankagona ndi njala. Mavuto ankayamba njira ikatsika mapiri kulowa m'chigwa cha Zambezi. Kumeneko kumatentha koopsa, mitengo yake ndi malambe ndi minga, midzi ili patalipatali. Bambo ankati masiku ena madzi ankawapeza pofukula mchenga m'mitsinje youma, kudikira kuti adikhe, n'kumwa mosinthana ndi chikho chimodzi. Ankayenda m'mamawa ndi chakumadzulo, masana n'kubisala pamthunzi. Usiku ankasonkha moto mbali ziwiri, anthu n'kugona pakati, wina ali maso kusonkhezera, pakuti mikango ya m'njira imeneyo inali itazolowera nyama ya munthu. Pena ankagona m'mitengo atadzimangirira ndi luzi.

Koma chilombo chimene ankachiopa kwambiri chinali cha miyendo iwiri. Asilikali achikuda a Apwitikizi akakupezani ankatha kukulandani katundu kapena kukutengani kukagwira ntchito yokakamiza ya misewu. Nchifukwa chake malo a boma ankawalambalala usiku. Panalinso achifwamba, amene makamaka ankadikirira obwerera kumudzi, podziwa kuti asenza thukuta la zaka zingapo.

Kenako Zambezi. Pa Tete mlatho unabwera mochedwa, m'zaka za m'ma 1970. Nthawi ya makolo athu kunali mabwato okumba, ndipo mwini bwato ankatchula mtengo umene wafuna, podziwa kuti simungabwerere. Munthu wa kumapiri, amene mtsinje waukulu umene ankaudziwa ndi Linthipe, ankakhala pansi m'bwato atagwira m'mphepete, osayang'ana madzi, ng'ona zikuwothera dzuwa pamchenga, mvuu zikupuma chapafupi. Amalume ankanena kuti tsiku limenelo ndilo munthu ankazindikira kuti wachokadi kwawo. Patsidya njira inkapitirira kuwoloka Luenha ndi Mazowe mpaka kukatulukira ku Mutoko kapena ku Mount Darwin, kumene kunali kolembetsa chitupa cha dziko la Rhodesia. Anzathu a ku Kasungu, Mzimba ndi Nkhata Bay ambiri ankadzera ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, n'kutsika mpaka ku Feira, pamene Luangwa amathira mu Zambezi.

Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Harare kudzera pa Tete ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 600, ndipo kuchokera ku Harare kukafika ku Johannesburg ndi oposa 1,000. Mtonga wa ku Nkhata Bay wofuna Joni anali ndi makilomita oposa 2,000 patsogolo pake. Wolunjika ku Salisbury, monga Harare inkatchedwa masiku amenewo, ankatha mwezi kapena kuposerapo ali m'njira. Wa ku Joni ankatha miyezi yambiri, ena chaka, chifukwa kamba akatha ankaima pa famu kugwira ganyu mpaka apeze ufa ndi nsalu yopitira patsogolo.

Si onse ankafika. Malungo, kamwazi ndi zilonda za m'mapazi zinkagwetsa anthu. Wodwala ankamunyamula pamachira a mitengo kufikira mudzi wapafupi, n'kumusiya m'manja mwa amfumu ndi kansalu kothokozera. Akamwalira kutchire ankamukumbira ndi nkhwangwa ndi zisonga, n'kuunjika miyala ndi minga pamwamba kuti afisi asafukule. Lamulo la ulendo linali lakuti amene anaona imfayo ndiye adzapereke uthenga kwa eni mbumba, ngakhale patapita zaka, pamodzi ndi kanthu ka malemuyo, kaya mpeni kaya chibangili, kuti kumudzi amete maliro. Munthu wobisa uthenga wotere ankatengedwa ngati mfiti.

Njira yomweyo inalinso sukulu. Opita ankakumana ndi obwerera, n'kukhala pansi kusuta fodya, ndipo obwererawo ankawauza zonse: mgodi wakuti musapiteko, nyama amapereka kamodzi pa sabata, famu yakuti mzungu wake salipira mwezi ukatha, pa doko lakuti pali apolisi. Odziwa kulemba, ophunzira m'sukulu za mishoni, ankasiya timakalata pamitengo ya m'mphambano kuchenjeza obwera m'mbuyo. Migodi inali ndi mayina achizungu, koma antchito ankaipatsa mayina awoawo onena khalidwe lake. Wina ankautcha Chayamatako, ndipo womva dzina limenelo sankafunikanso kulangizidwa. Eni migodi yankhanza ataona kuti anthu akuwalambalala, ankatumiza madobadoba kukadikirira pamadoko ndi m'mphambano, atanyamula nyama, mabulangete ndi malonjezo okoma. Munthu wa masiku atatu osadya kukana mbale ya nsima kuti asunge ufulu wake, chimenecho chinali chiyeso chachikulu cha selefu kuposa mikango, ndipo ambiri anagwa pamenepo. Sindiwaweruza.

Ofika ku Rhodesia ankayamba ndi kufunsa kumene kuli wakwawo. Wakwanu ndiye ankakugoneka, kukubwereka malaya, kukuphunzitsa Chilapalapa cholankhulira ndi akapitawo, ndi kukulankhulira kwa mabwana. Anthu athu anadzaza m'mafamu a fodya, ku mgodi wa golide wa Shamva, ku malasha a ku Wankie, kumene lero ndi ku Hwange, ndi m'makhitchini a azungu mu Salisbury ndi Bulawayo. Ophunzira ku Livingstonia, Blantyre, Nkhoma ndi Likoma ankapeza ukalaliki ndi ukapitawo. Anakhazikitsa mabungwe a maliro kuti mnzawo asaikidwe ngati galu, anamanga mipingo ndi mizikiti, ndipo gule wamkulu anatuluka m'makomboni a migodi. Eni dziko ankatitcha Mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, ngakhale munthu akhale wa ku Karonga.

Kwa ambiri Rhodesia inali popumira chabe, mtima uli ku Joni. Koma khomo la ku Joni linali lotseka. Anthu oyamba amene Wenela inawatenga kuno anafa ochuluka ndi chibayo, atachoka kotentha n'kukalowa m'chisanu cha kumeneko, ndipo mu 1913 boma la South Africa linaletsa migodi kulemba anthu ochokera kumpoto kwa mzere wa madigiri 22, umene umadutsa chapafupi ndi mtsinje wa Limpopo. Kwa zaka zoposa 20 munthu wa ku Nyasaland analibe njira ina yolowera kumeneko koma selefu, ndipo inali yozemba. Ankawoloka Limpopo usiku cha ku Messina kapena ku Pafuri, n'kuyamba wagwira m'mafamu a kumpoto kwa Transvaal pa malipiro a chabechabe. Kuti apeze chitupa ankasintha dzina n'kunena kuti kwawo ndi kum'mwera kwa Mozambique, kumene lamulo lija silinkakhudza. Taonani zotsatira zake. Munthu akafa mumgodi ali ndi dzina lobwereka ndi mudzi wonama, kalata ya imfa yake inalibe kopita. Ambiri amene kuno tinkawanena kuti anaiwala kwawo, anali atagona kalekale pansi pa dzina limene mayi awo sanawapatse.

Mwa anthu oyenda ulendowu muli ena amene mayina awo mumawawerenga kusukulu. Kamuzu Banda anachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata cha m'ma 1915, nakagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley, kumene lero ndi ku Chegutu, asanapitirire ku South Africa, kumene anagwira ntchito pa mgodi kufikira anapita ku America mu 1925. Clements Kadalie wa ku Chifira, kufupi ndi Bandawe, anachoka mu 1915, nadzera ku Mozambique ndi ku Rhodesia, ndipo mu 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe la antchito la ICU, limene linagwedeza South Africa yense. Anamwalira ku East London mu 1951. Awa ndi awiri amene mbiri inawasunga. Anzawo oyenda nawo njira yomweyo anali miyandamiyanda.

Tsono ndinene za otsala, pakuti selefu inali ndi mbali ziwiri, ndipo mbali ya amayi siikambidwa mokwanira. Mu 1935 boma linatuma komiti yotsogozedwa ndi Travers Lacey kuti ifufuze za anthu opita kunja, ndipo inapeza kuti amuna pafupifupi 120,000 anali kunja kwa dziko, kuposa mmodzi mwa amuna anayi alionse amphamvu. M'midzi ina ya kumpoto munkangooneka amayi, ana ndi nkhalamba. Mayi ankalima yekha, kufolera yekha denga, kusaka yekha msonkho, ndi kulera ana amene bambo awo ankangowadziwira m'nkhani. Sanali wamasiye kuti alire n'kumeta, sanalinso wapabanja kuti atsamire munthu. Zaka zikachuluka popanda kalata kapena kandalama, ankhoswe ankakhala pansi n'kumumasula kuti akwatiwenso, ndipo zinkachitika kuti mwamuna uja n'kutulukira chaka chotsatira atasenza bokosi. Milandu yotere inkatopetsa mafumu. Amene sanabwerere konse ndiwo tinkawatcha matchona. Analiponso amayi olimba mtima amene anauyamba ulendo womwewo, mwana kumsana, kukasaka amuna awo kapena moyo wawowawo, ngakhale boma ndi mafumu ankawaletsa.

Wobwerako bwino ankalandiridwa ndi nthungululu. Ankabwera ndi njinga, makina osokera, galamafoni, jekete, nsalu za akazi ndi za apongozi, ena mpaka ndalama zogulira ng'ombe kapena kutsegulira kantini. Anyamata akaona zimenezo tulo sankagona, ndipo chaka chotsatira gulu lina linkanyamuka. Chimene sankachiona msanga ndi chifuwa. Fumbi la miyala ya golide linkakhala m'mapapo, ndipo amuna ambiri amene anabwera akunyezimira anatha pang'onopang'ono akutsokomola pakhonde, amayi omwe aja akuwasamalira.

Maboma ataona kuti anthu sangaletsedwe, anayamba kupikisana ndi selefu. Mu 1936 maboma a Nyasaland ndi ma Rhodesia awiri anapangana za kayendedwe ka antchito, ndipo chakumapeto kwa zaka zimenezo Southern Rhodesia inaika malole onyamula anthu osalipira, amene anatchuka ndi dzina loti Ulere. Pambuyo pa nkhondo yachiwiri kunabwera Mthandizi wolemba anthu a m'mafamu. Wenela inabwereranso, ndipo m'zaka za m'ma 1950 inayamba kunyamula anthu pandege kukatsikira ku Francistown, kumene ankakwera sitima ya ku Joni. Dzina lake linatsala pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Ulendo wa miyezi unasanduka wa masiku owerengeka, komabe anthu ena ankakanabe kudinda chala. Ankati wa Wenela amapita kumene wauzidwa, gawo la malipiro ake amamusungira mpaka atabwerera, ndipo kontalakiti ikatha amamubweza, afune asafune, pamene wa selefu amatha kukhala telala, wophika kapena woyendetsa galimoto mumzinda.

Pofika kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown, nipha Amalawi 74 amene anali kubwerera kumudzi, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambiranso mu 1977 pansi pa dzina la TEBA, ife timati Theba, koma anthu ake anali ochepa, ndipo mu 1988 inatheratu pa mkangano wa kuyeza anthu kachilombo ka HIV. Kuyambira pamenepo palibenso kampani yodzatenga anthu kuno kupita nawo ku migodi ya ku Joni. Anyamata ndi atsikana amene mumawaona akukwera mabasi a ku Joni, kutulukira pa Mwanza kapena pa Dedza, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Tete, kudzera pa Nyamapanda mpaka pa Beitbridge, onsewo ndi a selefu. Amagulitsa mbuzi kapena njinga kuti apeze thiransipoti, m'thumba muli nambala ya foni ya wakwawo amene akawalandire, ndipo amene mapepala awo sali bwino amatsika basi isanafike pachipata n'kukawoloka Limpopo usiku.